Kugwirizana pa Mawu Pakati pa Anthu Otalikirana: Kuwunika Njira ya Gene Ontology

Malonje

Aliyense amene anakhalapo pa komiti yopanga mawu a ukatswiri akudziwa kuti tsiku lathunthu likhoza kutha anthu akukokanakokana pa liwu limodzi, ndipo pobalalika madzulo liwulo n'kukhala lisanapezeke. Ngati zoterezi zimagwera anthu khumi okhala m'chipinda chimodzi, odziwana maina ndi kwawo komwe, nanga zingatani pakati pa anthu mazanamazana okhala m'mayiko osiyanasiyana, amene ambiri mwa iwo sanawonanepo maso ndi maso, ndiponso amene sangayimitse ntchito yawo kuti adikire anzawo? Akatswiri a sayansi ya zamoyo anakumana ndi funso limeneli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo yankho lawo linali ntchito yotchedwa Gene Ontology. Cholinga cha nkhani ino ndi kuwunika ntchitoyi ndi maso a anthu a mawu, ndiko kuti alembi, akonzi ndi aphunzitsi. Tiwona mmene eni ake anaikonzera, mmene amathetsera mikangano, pamene njira yawo inalimba ndi pamene ili ndi ming'alu.

Tiyambe ndi liwu loti ontology, limene tilisiya momwemo. Liwuli linachokera ku filosofi, kumene limatchula phunziro lofufuza zinthu zimene zilipo ndi magulu ake. Akatswiri a makompyuta analibwereka n'kulipatsa ntchito yopepukirako, ndipo m'chaka cha 1993 Thomas Gruber wa ku Stanford anapereka tanthauzo limene ambiri amatsata, loti ontology ndi kulemba poyera, mosasiya kanthu kongoganizira, mmene anthu a ntchito imodzi agawira zinthu za m'ntchito yawo. Ontology imasiyana ndi mtanthauziramawu pa poyambira pake. Mtanthauziramawu amagwira liwu n'kufunsa kuti likutanthauza chiyani. Ontology imagwira chinthu n'kufunsa kuti ndi mtundu wa chiyani ndiponso ndi chiwalo cha chiyani, dzina n'kubwera pambuyo. Amene anawerengapo za Eugen Wüster, injiniya wa ku Austria amene m'chaka cha 1931 analemba za kugwirizanitsa mawu a zaumisiri pakati pa mayiko, azindikira kuti ganizoli si lachilendo, pakuti nayenso ankaphunzitsa kuti wopanga mawu ayambe ndi lingaliro asanafike pa liwu.

Chiyambi cha ntchitoyi

M'chaka cha 1998 magulu atatu osunga nkhokwe za zofufuza pa makompyuta anapangana zogwirira ntchito pamodzi. Gulu la FlyBase linkasunga za kantchentche kotchedwa Drosophila, gulu la Saccharomyces Genome Database ku Stanford linkasunga za yisiti, ndipo gulu la ku Jackson Laboratory, m'tauni ya Bar Harbor ku Maine, linkasunga za mbewa. Majini onse a yisiti anali atawerengedwa pofika chaka cha 1996, ndipo zinayamba kuwonekeratu kuti zamoyo zosiyana kwambiri m'maonekedwe zili ndi majini ambiri ofanana, ogwira ntchito zofanana. Vuto linali lakuti gulu lililonse linali ndi mwambo wakewake wotchulira zinthu. Ofufuza ntchentche ankakonda maina ofotokoza mmene kachilomboko kamawonekera jini likawonongeka, monga wingless ndi hedgehog, pamene ofufuza yisiti ankalemba zilembo zitatu ndi nambala. Jini limene ofufuza yisiti yophikira buledi amati CDC28, ofufuza mtundu wina wa yisiti amati cdc2, ndipo mnzake wa mwa munthu amatchedwa CDK1. Wophunzira wofuna kuyerekeza zamoyozi ankayenera kudziwa ziyankhulo zingapo za m'Chingerezi chimodzi.

Nzeru yoyamba ya oyambitsa ntchitoyi inali yosankha bwino pomenyera nkhondo. Maina a majini anawasiya m'manja mwa eni ake, podziwa kuti palibe gulu limene likanalola kutaya maina amene anali kale m'mabuku zikwizikwi. Chimene anapangana chinali kupanga mawu amodzi ofotokozera zimene majiniwo amachita, ndipo mawuwa anawagawa m'nthambi zitatu: ntchito imene chopangidwa ndi jini chimagwira pachokha, ntchito yaikulu ya m'thupi imene chimatengamo mbali, ndi malo a m'selo amene chimapezeka. Nkhani yolengeza ntchitoyi inatuluka m'chaka cha 2000 m'magazini ya Nature Genetics, dzina loyamba pa olemba likhala la Michael Ashburner wa ku Cambridge. Posakhalitsa magulu ofufuza zomera, nyongolotsi ndi zina analowa nawo. M'chaka cha 2002, pamene majini a Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo oopsa, anawerengedwa, ntchito zake zinafotokozedwa ndi mawu omwewa. Pofika chaka cha 2020 mawu a m'kaundulayu anali ataposa 40,000.

Nambala, tanthauzo ndi dzina

Mphamvu yeniyeni ya Gene Ontology ili pa kulekanitsa zinthu zitatu zimene ife kawirikawiri timaziphatikiza. Lingaliro lililonse lili ndi nambala, tanthauzo lolembedwa, ndi dzina. Nambala ndiyo mwini malo. GO:0005634 ndi nyukiliyasi ya selo, ndipo manambala amenewa sanena kanthu pawokha, kotero kuti palibe amene angakangane nawo. Wofufuza akalemba kuti jini lakuti limagwira ntchito pamalo akuti, chimene kompyuta imasunga ndi nambalayo. Dzina likhoza kusintha popanda kuwononga kalikonse. Lingaliro la GO:0006915, lonena za imfa ya selo yochitika mwadongosolo, linkatchedwa apoptosis, kenaka linatchedwa apoptotic process, koma zonse zolembedwa pansi pake sizinagwedezeke.

Dzina lolephera kukhala mutu silitayidwa. Limalembedwa pambali monga liwu lofanana, ndipo pamasonyezedwa ngati likufanana ndendende, ngati ndi lotakata kuposa mutuwo, ngati ndi lochepa kuuyerekeza, kapena ngati langokhala pachibale. Wofufuza wa ku Japan kapena ku Brazil akalemba liwu limene anazolowera, kompyuta imamufikitsa pa nambala yomweyo. Mikangano yambiri ya m'makomiti ndi ya anthu awiri onena chinthu chimodzi, aliyense akufuna kuti liwu lake lipambane. Njirayi imazimitsa mikangano yotere isanayake, chifukwa wogonja sachotsedwa m'buku.

Tanthauzo ndilo limasamalidwa koposa. Likhoza kukonzedwa kalembedwe, koma likasintha kwenikweni, kapena zikapezeka kuti lingalirolo linali lolakwika kuyambira pachiyambi, nambalayo imapumitsidwa. Siifufutidwa ndipo siipatsidwa kwa lingaliro lina. Imakhalabe m'kaundula ndi chizindikiro chakuti yatha ntchito, pamodzi ndi chifukwa chake ndi nambala yolowa m'malo mwake kapena zina zoti munthu aganizirepo. Akale anati mlandu suwola, ndipo pano mwambiwu unasanduka lamulo la ntchito. Munthu wobwera patapita zaka khumi akhoza kuwona chimene chinagamulidwa ndi chimene chinachititsa. Pa mfundo iyi sitingachitire mwina koma kuyamikira, chifukwa anthu otalikirana alibe nkhalamba imodzi yokumbukira zonse, ndipo cholembedwa ndicho chimagwira ntchito ya nkhalambayo.

Pamene liwu limodzi libisa zinthu ziwiri

Mikangano yovuta ndi yotembenuka, pamene anthu awiri akunena liwu limodzi koma zinthu ziwiri. Chitsanzo chodziwika ndi cha khoma la selo. Zomera zili ndi khoma lotere, zamoyo za m'gulu la bowa ndi yisiti zili nalo, mabakiteriya nawonso ali nalo, koma makoma atatuwa amamangidwa ndi zipangizo zosiyana. M'zaka zoyamba akonzi anathetsa nkhaniyi ndi liwu la Chilatini loti sensu, lotanthauza kuti monga amanenera akutiakuti. Motero panali khoma la selo monga mwa ofufuza bowa, khoma la selo monga mwa ofufuza mabakiteriya, ndi ena otero. Aliyense anapita kwawo wokhutira.

Kunena zowona, uku kunali kuwalekanitsa omenyana popanda kuweruza mlandu. Tanthauzo linatsamira pa anthu olankhula m'malo motsamira pa chinthucho. Wofufuza chamoyo chosakhala bowa, koma chokhala ndi khoma lofanana ndi la bowa, sankadziwa ngati akuloledwa kugwiritsa ntchito liwulo, pakuti linkawoneka ngati munda wa eni. M'kupita kwa zaka akonzi anachotsa maina onse a sensu n'kulemba matanthauzo onena za kapangidwe ka chinthucho, monga khoma lomangidwa ndi peptidoglycan, limene ndi la mabakiteriya. Ntchito inali yaikulu, ndipo ikanachepa akanayamba ndi funso loyenera. Phunziro lake ndi lakuti mtendere wopezeka posiya tanthauzo lili losamveka ndi ngongole imene adzalipire ndi obwera m'mbuyo.

Chitsanzo chachiwiri chikuwonetsa mmene lamulo limodzi labwino limawululira zolakwa zimene gulu limodzi palokha silikanaziwona. Malingaliro a mu Gene Ontology amalumikizana ngati kholo ndi mwana, ndipo mwana mmodzi akhoza kukhala ndi makolo angapo. Lamulo limati chimene chili chowona kwa mwana chikhalenso chowona kwa makolo ake onse mpaka pa tsinde. Tsono pali chinthu chotchedwa chitin, chimene bowa amamangira khoma la selo, ndipo tizilombo monga ntchentche timamangira khungu lathu lolimba la kunja. Lingaliro la kupanga chitin litaikidwa pansi pa kumanga khoma la selo, ofufuza yisiti sanawone cholakwika. Koma jini la ntchentche lopanga chitin linapezeka kuti, potsata mzere wa makolo, likumanga khoma la selo, chikhalirecho ntchentche ilibe khoma lotero. Anathetsa vutoli pogawa lingalirolo pawiri, chitin ya khoma payokha ndi chitin ya khungu payokha, zonse ziwiri pansi pa kholo limodzi losatchula khoma kapena khungu. Palibe amene anapambana chifukwa cha udindo kapena kukweza mawu. Wotsutsa anabweretsa chitsanzo chimodzi chophwanya lamulo, ndipo chitsanzocho chinagamula. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma mitu yambiri imathandiza pokhapokha pakakhala muyeso umodzi umene onse avomereza mkangano usanabuke.

Wotsutsa alowa m'nyumba

Ntchitoyi inayambidwa ndi akatswiri a zamoyo amene anali pa changu, ndipo changucho chinasiya zipsera. M'chaka cha 2003 Barry Smith, katswiri wa filosofi, pamodzi ndi anzake awiri anafalitsa nkhani yowunika Gene Ontology mosanyengerera. Iye ndi anzake anasonyeza m'nkhaniyo ndi zina zotsatira kuti mawu oti chiwalo cha ankagwiritsidwa ntchito mosiyanasiyana: pena ankatanthauza kuti chinthu chimakhala chiwalo cha chinzake nthawi zonse, pena kuti chimatero nthawi zina zokha. Anasonyezanso matanthauzo ozungulira, amene amafotokoza liwu pobwereza liwu lomwelo. Munthu wowerenga amadzaza yekha mipata yotere, koma kompyuta imatsata chimene chalembedwa n'kufika pa mayankho abodza.

Chimene chikutikhudza ndi mmene eni ntchito analandirira chidzudzulochi. M'chaka cha 2005 m'magazini ya Genome Biology munatuluka nkhani yokhazikitsa matanthauzo okhwima a maubale a pakati pa malingaliro, ndipo pa olemba ake panali Smith pamodzi ndi ena a m'gulu la Gene Ontology lomwelo. M'chaka cha 2007 magazini ya Nature Biotechnology inalengeza za OBO Foundry, mgwirizano wa magulu opanga ma ontology a zamoyo ndi zachipatala, ndipo maina awiri oyamba anali a Smith ndi Ashburner. Wodzudzula wa dzulo anakhala mmisiri mnzawo. Mabungwe a chiyankhulo amene amawona wotsutsa aliyense ngati mdani ali ndi chophunzira apa.

Komabe mgwirizanowu unabweretsa mfundo imene tiyenera kuiyang'ana kawiri. Pofuna kupewa kubwereza ntchito, unalimbikitsa kuti gawo lililonse la nzeru likhale ndi ontology imodzi yokha, ndipo ofuna mawu a m'gawolo azibwereka kumeneko. Mfundoyi imachepetsa chisokonezo, koma imapatsanso wofika msanga ufumu pa malo. Amene akuwona kuti kagawidwe konse n'kolakwika ayenera kukachonderera mwini malo. Panalinso kusamvana pa maziko enieni. M'chaka cha 2010 Gary Merrill anatsutsa m'magazini ya Applied Ontology chiphunzitso chakuti liwu lililonse la mu ontology liyenera kuyimira mtundu wa chinthu chimene chilipodi m'chilengedwe, ndipo Smith ndi mnzake Werner Ceusters anamuyankha m'magazini yomweyo. Mkangano wotere suthetsedwa ndi chitsanzo chimodzi monga cha chitin, chifukwa ukukhudza muyeso womwewo umene timayezera zitsanzo.

Ndani agamula?

Pamapepala, khomo la Gene Ontology ndi lotsekula. Wofufuza aliyense akhoza kupempha liwu latsopano kapena kudandaula za lakale, ndipo pempho lake ndi mayankho ake zimasungidwa poyera. Koma ogamula ndi kagulu kochepa ka akonzi olembedwa ntchito, amene pa nkhani zikuluzikulu amayitana akatswiri a gawolo ku msonkhano. Palibe chisankho cha anthu onse.

Tikayerekeza ndi mabungwe amene amagamula ndi voti, njirayi ili ndi ubwino wake. Pa 24 Ogasiti 2006, ku Prague, bungwe la International Astronomical Union linavota pa tanthauzo la pulaneti, Pluto n'kuchotsedwa pa mndandanda, ndipo kung'ung'udza sikunathe. Nkhani ya mitengo ya Acacia ndi yapafupi ndi ife. Ofufuza atapeza kuti gulu la mitengoyi liyenera kugawidwa, panabuka funso lakuti dzina lakale litsale ndi mitengo ya kuti. Pa msonkhano wa akatswiri a zomera ku Vienna mu 2005, komiti inapereka ganizo lakuti dzinalo litsale ndi mitengo ya ku Australia. Oposa theka la ovota anakana, koma malamulo a msonkhanowo ankafuna mavoti 60 pa 100 alionse kuti ganizo la komiti ligwe, choncho linadutsa. Msonkhano wa ku Melbourne mu 2011 unatsimikiza chigamulocho, ndipo mitengo ya ku Africa inagawidwa m'magulu a Vachellia ndi Senegalia. Mthethe wathu tsopano ndi Senegalia polyacantha. Voti imawerenga manja a amene anakwanitsa kufika pa msonkhano, ndipo pamene dzina lenilenilo ndilo mphotho, wogonja amagonjeratu.

Ngakhale zili choncho, ulamuliro wa akonzi uli ndi zofooka zitatu zimene otamanda ntchitoyi satchula kawirikawiri. Choyamba, ufulu wopempha si wofanana ndi mphamvu yogamula. Kwa zaka zambiri ndalama zoyendetsera ntchitoyi zachokera makamaka ku National Human Genome Research Institute ya boma la America, akonzi ambiri akhala a m'mabungwe a ku America ndi ku Ulaya, ndipo zokambirana zonse zimachitika m'Chingerezi. Nthambi za kaundula zimakula kumene kuli anthu olipidwa kuti azikulitse. Chachiwiri, malamulo oyamba anatengera maso a oyambitsa. Limodzi limati kaundula afotokoze ntchito zachibadwa za majini, asalowetsemo za matenda, pakuti kuyambitsa khansa si ntchito yachibadwa ya jini lililonse. Kwa wofufuza mbewa lamuloli n'lomveka. Kwa wofufuza kachilombo ka malungo n'lovuta, chifukwa kulowa m'maselo a magazi a munthu ndiwo moyo wachibadwa wa kachilomboko. Panafunika ntchito yapadera yopanga mawu onena za ubale wa chamoyo ndi chinzake chimene chikukhalamo, ndipo ochedwa kufika ndiwo anasenza katundu wosintha nyumba imene sanamange. Chachitatu, kukonza kosalekeza kuli ndi mtengo wake kwa ogwiritsa ntchito. Kafukufuku wina wofalitsidwa m'magazini ya Nature Methods mu 2016 anapeza kuti ofufuza ambiri ankadalira zipangizo za pakompyuta zokhala ndi mawu ndi zolembedwa zakale, ndipo zotsatira za ntchito yawo zinkaperewera. Chigamulo chopangidwa pakati chimakhala chopanda phindu ngati sichifika kumathero.

Akatswiri ena anayesa kuyankha zofooka zotere. M'chaka cha 2004 H. Sofia Pinto, Steffen Staab ndi Christoph Tempich anafotokoza njira yotchedwa DILIGENT, imene imalola gulu lililonse kusintha ontology ya onse kuti igwirizane ndi zosowa zake, kenaka komiti yapakati n'kuwunika zosinthazo ndi kutengapo zimene zawonekera m'malo ambiri. Ubwino wake ndi wakuti kupatuka kumawerengedwa ngati umboni wothandiza. Koma funso lija limangosuntha malo, pakuti wina ayenerabe kusankha a m'komitiyo.

Zimene tingatolepo

Nkhaniyi si ya kutali monga ikuwonekera. Chiyankhulo chathu nachonso chili ndi eni otalikirana. Ku Malawi chinatchedwa Chichewa kuyambira 1968, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja linapitirira. Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo ntchito yake inapita m'manja mwa Centre for Language Studies mu 1996. Unduna wa Maphunziro ku Zambia unatulutsa malamulo ake mu 1977, ndipo ku Mozambique akatswiri a ku yunivesite ya Eduardo Mondlane anayamba misonkhano yawo ya kalembedwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Zotsatira zake tikuzidziwa: wina alemba chifukwa, wina cifukwa, wina alemba tch pamene mnzake alemba ch. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la CASAS la ku Cape Town linasonkhanitsa akatswiri a mayiko atatuwa kuti akonze kalembedwe kamodzi, komabe mabuku a m'sukulu za mayikowa anapitirira kusiyana.

Tikatsata nzeru ya Gene Ontology, tiwona kuti kusiyana kwa c ndi ch ndi nkhani ya dzina, ndipo sikuyenera kuyimitsa ntchito ya matanthauzo. Kaundula mmodzi wa mawu a ukatswiri akhoza kukhala ndi nambala imodzi ndi tanthauzo limodzi pa lingaliro lililonse, pansi pake n'kulembapo liwu la ku Lilongwe, la ku Chipata ndi la ku Tete, lililonse m'kalembedwe ka kwawo. Mphamvu zathu zikanapita ku milandu yofanana ndi ya khoma la selo, imene tili nayo yambiri. Liwu loti malungo kumudzi limanena kutentha ndi kuphwanya kwa thupi kochokera ku zifukwa zosiyanasiyana, pamene kuchipatala limanena nthenda imodzi yofalitsidwa ndi udzudzu. Awa ndi malingaliro awiri ofunika manambala awiri, ndipo womasulira uthenga wa zaumoyo amene sazindikira zimenezi akhoza kusocheretsa kholo la mwana wodwala. Liwu loti majini, limene taligwiritsa ntchito m'nkhani ino, kwa anthu ena limanena mizimu yoipa. M'kalasi ya galamala timati mfotokozi, koma kodi tikutanthauza masinde ochepa aja monga -kulu, -ng'ono, -tali ndi -fupi, kapena liwu lililonse lofotokoza dzina, kuphatikizapo wabwino ndi wokongola, amene amapangidwa kuchokera ku mawu a magulu ena? Mphunzitsi akapanda kuuzidwa, amasankha yekha, ndipo ana a sukulu ziwiri amayankha mosiyana pa mayeso amodzi.

Pali chizolowezi china choyenera kubwereka. Mu Gene Ontology, mawu alionse onena kuti jini lakuti limagwira ntchito yakuti amakhala ndi chizindikiro cha umboni wake, kusonyeza ngati anthu anayesa ndi manja, ngati anangoyerekeza ndi jini lofanana, kapena ngati kompyuta inaganizira yokha. Ifenso tikanamalemba pa liwu lililonse ngati linamveka pakamwa pa anthu ndi kudera liti, ngati linapezeka m'buku, kapena ngati linapekedwa pa komiti, mkonzi akanadziwa liwu loti alikhulupirire ndi loti aliyese kaye.

Tisaiwale pamene fanizoli likulekera. Kwa wofufuza majini dzina ndi lotsika mtengo, chifukwa kompyuta imagwira nambala. Kwa ife dzina ndilo katundu amene tikupita naye ku msika. Mphunzitsi sangayime pamaso pa ana n'kutchula nambala, ndipo wowulutsa mawu pa wailesi ayenera kusankha liwu limodzi pa mphindi yomweyo. Komanso dzina limanyamula mbiri ndi ulemu wa anthu, monga ikuwonetsera nkhani ya Chichewa ndi Chinyanja, imene inawonekeranso pamene mtanthauziramawu wa m'chaka cha 2000 anatuluka ndi mutu woti Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ogwiritsa ntchito Gene Ontology ndi akatswiri amene amatsata kaundula chifukwa ntchito yawo imawakakamiza. Eni chiyankhulo ndi mamiliyoni amene sakakamizidwa ndi aliyense, ndipo liwu limene alikana limafera m'kabati ngakhale tanthauzo lake likhale lokhwima chotani.

Mawu omaliza

Chigamulo chathu pa Gene Ontology ndi chakuti inapambana pa kuchepetsa zinthu zokanganirana, pa kusunga mbiri ya chigamulo chilichonse, ndi pa kulola chitsanzo chotsutsa kuposa udindo wa munthu. Inaperewera pa kugawa mphamvu yogamula pakati pa oyandikira ndi otalikira, ndipo vuto limeneli silithetsedwa ndi luso la kompyuta. Kwa makomiti athu a mawu tikupempha zinthu zinayi zosafuna ndalama zambiri: tanthauzo lilembedwe liwu lisanasankhidwe, mawu ogonja asungidwe pamodzi ndi madera awo, chifukwa cha chigamulo chilembedwe ndi tsiku lake, ndipo liwu losiyidwa lisafufutidwe, koma lisonyeze lolowa m'malo mwake. Pamwamba pa izi, mpando wa ogamula ukhale ndi malo a mphunzitsi wa kumudzi ndi a mnzathu wa kutsidya kwa malire, pakuti iwowa ndiwo adzabweretse chitsanzo chimene ife a pakati sitingachiwone.